Chakudya cha Galu Pabalaza pa Arvid Sundby

Arvid Sundby anabadwira ku Ballard, m'banja la asodzi, koma nyanja inamukana akadali wamng'ono. Bambo ake akamukweza m'boti, madzi ali bata ngati a m'beseni, mwanayo ankayamba kusanza chingwe asanamasule n'komwe. Atayesa kangapo, bambowo anagwa mphwayi, n'kumuuza kuti akafune ntchito ya pamalo posagwedera. Malo osagwedera amene Arvid anawapeza ndi mpando wa patsogolo pa TV, ndipo imvi zinam'peza ali pomwepo. Mwiniwake akamafotokoza mbiri ya banja lawo amati: "Agogo ankapha nsomba, bambo ankapha nsomba, ine ndimapha marimoti."

Sikuti ankanama. Ku Tolvane, kampani ya mapulogalamu a makompyuta imene ili kutsidya kwa mlatho, ntchito yake inali yodina mabatani. Ophunzira kwambiri ankalemba nzeru zoyendetsa kabokosi ka TV, iye n'kumakhala m'chipinda chopanda zenera, ma TV atandandalikidwa kukhoma, kudina apa, kudina apo, mpaka kabokosiko kazungulire mutu. Kakazungulira mutu ankapita kukawauza eni ake, iwo n'kumamuyang'ana ngati wawapondera mwana. Anagwira ntchitoyi mpaka chala chake chachikulu cha kumanja chinalimba ngati chidendene.

Tolvane inalemera ndi mapulogalamu a m'maofesi, koma chuma sichikhutitsa. Chaka china akuluakulu anatisonkhanitsa antchito tonse mu holo, wamkulu wawo ataima kutsogolo atavala jinzi ndi nsapato zothamangira kuti aoneke ngati mnzathu, n'kulengeza kuti maofesi tawatha, kwatsala pabalaza. Munthu akaweruka amakakhala pasofa, maso ali pa TV, ndiye amene alande maso amenewo walanda dziko. Anaitcha nkhondo ya pabalaza. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Vuto la nkhondoyi linali lakuti adani ankasintha chaka ndi chaka. Chaka chino kabokosi tikagulitsa modula kuti kaoneke kapamwamba. Chaka chamawa tikagawa ulere, anthu azilipira zoonerazo. Makampani opereka TV kudzera m'mawaya, amene dzana tinkawatcha mimbulu, lero ndi abale athu ndipo tadula nawo keke. Pofika nyengo yozizira tili nawo kukhoti. Kukatulukira kakampani kakang'ono kopanga zinthu zabwino kuposa zathu, tinkakagula, kukayamikira pamsonkhano, kenako kukakwirira mwakachetechete. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusi wathu akagwa ankadzuka n'kunena kuti ndi mmene anakonzera. Njira yatsopano iliyonse inkabwera ndi tisheti yake. Arvid anadzaza dirowa ndi matisheti a nkhondo zosiyidwa panjira, ndipo mkazi wake Marlys ankapukutira mawindo. Ankati ya chaka cha ulere ija ndiyo imamwa madzi bwino.

Ife a ntchito imeneyi tili ndi mwambo umene timaunyadira ngati nzeru zakuya. Timati kudya chakudya cha galu wako. Tanthauzo lake n'lakuti ngati ukugulitsa chakudya cha agalu, yamba walawa wekha. Chilichonse chimene kampani ikupanga, chikadali chosapsa, wantchito apite nacho kunyumba azikachigwiritsa ntchito, kuti mavuto ake ayambe amugwera iyeyo asanagwere ogula. Pamsonkhano zimamveka bwino zedi. Chimene palibe anafunsapo n'chakuti nanga mkazi wa munthu, amene sanalembedwe ntchito ku Tolvane, walakwanji kuti azidya nawo m'mbale ya galuyo.

Marlys ankayendetsa basi ya ana asukulu, choncho phokoso ndi mabodza sizinkamudabwitsa. Pa TV sankafunapo zambiri. Ankafuna chinthu chimodzi basi, mpikisano wa mafunso wa Lamulungu madzulo. Chikwatirane, Lamulungu lawo linali limodzimodzi. Marlys ankakazinga mbuliwuli, n'kuzithira m'mbale yaikulu yachikasu imene analandira paukwati, n'kugona cham'mbali pasofa, mapazi ake ozizirawo atawasanjika pamiyendo pa mwamuna wake. Funso likangofunsidwa, Arvid ankayankha mokweza ndi mtima wake wonse, ndipo pafupifupi nthawi zonse ankaphonya. Marlys, osatembenuka n'komwe, ankangoti, "Walakwa." Kenako ankanena yankho lenileni modekha, wofunsa wa pa TV n'kumuvomereza. Mwana wawo wamkazi anakulira m'mawu amenewo mpaka anakakwatiwa ku Spokane. Arvid ankati m'nyumba mwawo "ndimakukonda" amamveka pa Khirisimasi pokha, koma "walakwa" amamveka sabata iliyonse, ndipo kwa iye zinali chimodzimodzi.

Ndiye kunabwera kabokosi. Arvid analowa nako m'nyumba atakafungatira ngati khanda, n'kuzula waya wakale wa TV.

"Kameneka n'kanzeru," anatero. "Kamaphunzira zimene umakonda."

"Ukauze kuti ndimakonda TV yoyaka," anayankha Marlys.

Lamulungu loyamba, wofunsa atangoti "yankho lake ndi", chithunzi chinauma. Bamboyo anangotsala kukamwa kuli yasa, diso limodzi atatsinzina. Mwamuna wanzeru akanapepesa. Arvid anadzambatuka ndi chimwemwe, mapazi a mkazi wake n'kugwera pansi.

"Usakhudze chilichonse. Unadina chiyani?"

"Ndadina mbuliwuli, Arvid."

"Ayi, parimoti. Vuto limeneli latisowetsa mtendere kuntchito, likumabisala tikalifuna. Tabwereza zonse zimene unachita, pang'onopang'ono, kuyambira poyamba."

"Poyamba ndinakwatiwa ndi iwe. Ndibwerezenso chimenecho?"

Arvid anaseka uku akujambula TV ndi foni yake. Anaimva ngati nthabwala chabe.

Sabata yotsatira kabokosi kanayamba kulankhula Chisipanishi. Sabata ina kanasankha nthawi ya mpikisano yeniyeniyo kuti kadzikonze, n'kulemba pa TV kuti tadikirani pang'ono, tikukukonzerani zabwino. Tsiku lina Arvid anasinza TV ili pa pulogalamu ya asodzi, ndiye kabokosi kanzeru kaja kanaphunzira kuti m'nyumba muno amakonda nyanja. Kuyambira pamenepo, ukangokayatsa, kankakulandira ndi maboti akukwera ndi kutsika pamafunde, mpaka munthu ankamva nseru ali pasofa pake. Nthawi zonsezi Arvid ankakhala chogwada kuseri kwa TV, akuzula ichi, akulumikiza icho. Chimene Marlys ankaonera Lamulungu tsopano chinali msana wa mwamuna wake ndi lamba wa thalauza.

"Bwezera waya wakale uja," anamuuza tsiku lina.

"Sindingathe. Tonse tikudya chakudya cha galu. Ndikakazimitsa, Kip, bwana wanga, amaona pakompyuta yake."

"Ndiye galu m'nyumba muno ndani, iwe kapena ine?"

Kutsidya kwa msewu kunkakhala a Delbert Pruitt, amene anapuma ntchito ya ku positi, akazi awo anamwalira kalekale. Anali ndi TV wamba ndi eriyo padenga, yokola zoulutsidwa zaulere. Lamulungu lina Marlys anakazinga mbuliwuli monga mwa masiku onse, n'kunyamula mbale yachikasu ija, n'kuvala jekete.

"Ukupita kuti?"

"Kwa Delbert. TV yake ndi mbuli, sidziwa zimene ndimakonda. Imangoyaka."

Monga mukudziwa khalidwe la zinthu zimenezi, tsiku limenelo kabokosi kanagwira ntchito bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Arvid anaonera yekha. Funso loyamba analiyankha mokweza, n'kuphonya, n'kudikira. M'nyumba munali zii. Wofunsa wa pa TV ndiye ananena kuti yankholo silolondola, koma ananena mwaulemu, ndipo sizinakome. Arvid anadzuka n'kukasuzumira pakatani. Kutsidyako ankangoona kuwala kwa TV ndi mutu wa mkazi wake, atakhala pampando wa pafupi ndi zenera. Anabwerera pasofa, miyendo ikumupepuka modabwitsa.

Kuntchito nkhaniyi anaisandutsa nthabwala. Pamalo omwera khofi ankati Tolvane ikulanda pabalaza pa dziko lonse, pamene pabalaza pa msilikali wake palandidwa ndi nkhalamba ya eriyo. Tinkaseka, iyenso n'kumaseka kuposa tonse. Koma pansi pa mtima ankachita mantha. Sankaganiza kuti Marlys angachite zopusa ndi a Pruitt, munthu woyendera ndodo. Chimene chinkamudya chinali chakuti mwina a Pruitt nawonso amaphonya mafunso, ndipo mawu aja, amene iye ankawayesa akeake, akupatsidwa munthu wina. Masabata anapita, mbale yachikasu ikuwoloka msewu Lamulungu lililonse. Nyumba imazizira msanga anthu akasowa chotsutsana. Iye ndi Marlys anafika pomangolankhulana za tsiku lotaya zinyalala ndi za mafuta a galimoto.

Potsiriza anapita kwa Kip, bwana wake, munthu wa msinkhu wa mwana wake, wobwera kuntchito panjinga mvula ikugwa kuti anthu amuone.

"Kip, mkazi wanga wathawa kabokosi. Akumakaonera kwa aneba."

Maso a Kip anawala. "Zoona? Zimenezo zitithandiza kwambiri. Anebawo akugwiritsa ntchito kabokosi ka kampani iti?"

"Eriyo."

"Eriyo," anabwereza Kip, ngati akutchula matenda amene anatha kalekale. "Kodi mkazi wako angavomere kubwera kuno tidzamufunse mafunso pang'ono? Timapereka khofi ndi tisheti."

"Matisheti ali nawo."

"Usadandaule mdala. Lachinayi kuli msonkhano waukulu. Sindingakuuze, n'chinsinsi, koma usauphonye. Nkhani yakoyi ithera pamenepo."

Mawu amenewo Arvid anali atawamva kwa mabwana onse amene anadutsa pampandopo Kip asanamere ndevu. Usauphonye, zonse zithera pamenepo, ndipo chotuluka chake chinkakhala tisheti.

Lachinayi m'mawa, Marlys atapita kukanyamula ana ake a sukulu, Arvid anazula kabokosi, n'kukaika kukhwapa. Pamlatho magalimoto anali atathithikana, ndiye anapeza mpata wokonza mawu ambiri, ena okhudza ukwati, ena okhudza ulemu wa munthu. Anafika anthu akukhamukira ku holo. Anam'peza Kip akutuluka mu ofesi, n'kuika kabokosiko patebulo pake, mawaya ali lendee. Mawu onse a pamlatho aja anabalalika, anatsala awiri okha.

"Galu wakhuta."

"Arvid, tiye kaye kumsonkhano, ukamve."

"Ndamva yokwanira. Ndatenga tchuthi, tionana Lolemba."

Anazimitsa foni ali m'chikepe, akudzimva ngati ngwazi. Anadziyang'ana pagalasi la m'chikepemo n'kuona kuti ngwaziyo yavala tisheti ya kampani.

Anadzera ku sitolo ya zipangizo n'kugula eriyo. Anasankha kuiika kuseri kwa chumuni, kuti Marlys asaione ali pamsewu. Mvula inali ikuwaza monga mwa chizolowezi chake. Anakwera makwerero bwinobwino, koma atafika pamwamba anachita cholakwa chimodzi, anayang'ana pansi. Denga linayamba kuyenda ngati boti la bambo ake. Anakumbatira chumuni ngati m'bale wake wotayika, n'kusanzira m'ngalande ya madzi amvula, mwana wa msodzi, pamtunda, pa nyumba yakeyake. Koma sanatsike. Anamanga eriyo ija mpaka inaima, ndipo atayatsa TV chithunzi chinabwera choyera, chosauma, cholankhula chilankhulo chimodzi. Pansi pa TV panatsala malo opanda fumbi pamene pankakhala kabokosi. Anaganiza zophimbapo ndi magazini, koma sizinafunike. Marlys anali atasiya kalekale kuyang'ana mbali imeneyo.

Lamulungu Arvid anavala malaya a kolala. Anakonza zoti akaime pakhomo, Marlys akamatuluka ndi mbale, amuuze mawu amodzi okha: khala. Mbuliwuli zinaphulika kukhitchini, fungo linadzaza nyumba, Marlys anatulukira atavala jekete. Arvid anaima pakhomo monga anakonzera. Anatsegula pakamwa.

"Tenga ambulera, kukuwaza."

Marlys anatenga ambulera n'kuwoloka msewu. Arvid anakhala pasofa akudzitukwana mayina onse amene bambo ake ankatukwanira injini ya boti. Asanawamalize, chitseko chinatseguka. Marlys analowa, mbale ikadali yodzaza, ndipo pambuyo pake panali a Pruitt ndi ndodo yawo, chipewa chili m'manja.

"Arvid m'bale wanga," anatero a Pruitt, "tabwera kudzapempha malo."

Arvid anadzambatuka pasofa. Sanafunse chifukwa chake, poti munthu akakondwa safunsa. "Lowa Delbert, khala apa pabwinopa. Lero muona zimene simunaonepo m'nyumba muno."

Anayatsa TV. Chithunzi chinabwera choyera ngati mmene chinalili Lachinayi. Panali bambo wina atavala zogonera, akudumphadumpha pamatiresi, akulonjeza tulo tokoma. Arvid anasintha tchanelo n'kubwereranso. Matiresi.

"Wachedwa kuyamba basi," anatero.

"Sunachedwe," anatero Marlys. "Kwa Delbert analemba pa TV matiresiwa asanayambe. Mpikisano wagulidwa ndi Tolvane. Kuyambira lero uzioneka m'kabokosi kanu kokha. Ndiye mwatigonjetsa. Pakula chakudya chako cha galucho, tidya."

Polankhula choncho anayang'ana pansi pa TV, koyamba pa nthawi yaitali. Anaona malo opanda fumbi aja, ndi waya watsopano wolowera pazenera.

"Kabokosi kali kuti?"

"Ndinakabweza Lachinayi."

"Lachinayi."

"Ndinamuuza Kip kuti galu wakhuta. Kumsonkhano sindinapite. Ndaika eriyo, ili kuseri kwa chumuni."

Marlys anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Iweyo unakwera padenga?"

"Ndinakwera."

"Unasanza?"

"M'ngalande."

A Pruitt anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, akugogoda pansi ndi ndodo. "Zaka zonsezi mwakhala mukumenya nkhondo," anatero akupukuta misozi, "tsiku limene mwapambana, iwe n'kuthawa usilikali."

Ananena zoona. Itayesa njira zonse, Tolvane inapeza imodzi yogwira: usavutike kupanga kabokosi kabwino, gula chimene anthu amachikonda n'kuchitsekera m'kabokosi kakoko. Njirayo inam'bweretsera Arvid mkazi wake mpaka pakhomo, ndendende monga Kip analonjezera, n'kupeza mwiniwake wataya kiyi. A Pruitt anatapa mbuliwuli dzanja limodzi, n'kunena kuti akamvere mpira pawailesi, poti umenewo palibe amene waugula panopa. Anatuluka akusekabe.

Anatsala awiri, ndi bambo wa matiresi uja. Arvid anaima pakati pa balaza, rimoti ili m'manja, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

"Ndikhoza kumuimbira Kip," anatero. "Ndikapepesa, mawa kabwera."

Marlys anamulanda rimoti n'kuzimitsa TV. Anavula jekete ndi nsapato, n'kugona cham'mbali pasofa, mbale ili pamimba.

"Khala pansi."

Arvid anakhala cha kumapeto, ngati mlendo. Kenako mapazi anabwera pamiyendo pake, ozizira, masokosi atanyowa ndi madzi a mumsewu.

"Funso loyamba," anatero Marlys, akuyang'ana TV yozimitsayo. "Mbale iyi anatipatsa ndani?"

"Azakhali ako a ku Tacoma," anayankha Arvid mokweza, asanaganize n'komwe.

"Walakwa. Amayi ako."

Mawu amenewo Arvid anali atawasowa kuposa mmene ankadziwira.

"Funso lachiwiri. Delbert amayankha bwanji mafunso?"

"Amaphonya, ngati ine."

"Walakwa. Amagona funso loyamba lisanathe. Ndinkaonera ndekha, iye akuliza mkonono."

Marlys anatafuna mbuliwuli. Kunja mvula inali ikuwazabe.

"Lomaliza. Kwa Delbert kuli sofa yabwino, yoyang'anizana ndi TV. Ine ndinkakhala pampando wouma wa pazenera, woti uonere chopotola khosi. Ndinkayang'ana chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, Arvid sanayankhe mokweza. Anakumbukira katani imene ankabisalako, ndi mutu uja unkaoneka pazenera Lamulungu lililonse, ndi msewu wopapatiza umene unali pakati pawo, woti munthu akanauwoloka atavala masilipasi.

"Khomo lathu," anatero chapansipansi. "Kuti mwina nditulukira kudzakutenga."

Arvid anali atakhoza, ndipo onse awiri anasowa chochita, poti m'nyumba imeneyo munalibe mawu onenera munthu akakhoza. Marlys anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mchere wa mbuliwuli n'kumulowa, maso n'kufiira kwambiri.

"Walakwa," anatero, n'kukankhira mapazi ake mkati mwenimweni mwa miyendo ya mwamuna wake.